PHUNZIRO LA PAKASUPE: MADZI OYERA M'MASO SI ONSE AKUMWA

 Kutamandidwa konse ndi kwa Allah amene amagwetsa mvula ndi kutumphutsa akasupe.

Posachedwapa tinapita ku Blantyre kukaona adzukulu athu ku Naperi. Tinangokhala tsiku limodzi, mipopi inauma. Mudziwe kuti madzi ambiri a mumzindawu amachokera mu Shire, mtsinje womwe uja umatuluka m'nyanja yathu ku Mangochi. Amawapopa pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera nawo mapiri. Magetsi akavuta, mpopi nawonso umangolira mphepo.

Titaswali Subuhi tinaperekeza ana ndi zigubu ku kasupe wina wa m'mbali mwa msewu, m'munsi mwa phiri la Soche. Tinapeza mzere wa amayi, ndowa zili ndanda. Madzi ake anali mbee, ozizira bwino. Mdzukulu wathu anatunga ndi manja kuti amwe, ife n'kumugwira mkono. Iye akuti, "Agogo, si inu munatiphunzitsa kuti madzi otumphuka pansi ndi a twahara?" Mwanayo sananame. Koma titakweza maso tinaona zimbudzi ziwiri kumtunda kwa kasupeyo, ndi ngalande ya msewu ikutsikira pomwepo. Funso lakelo ndilo phunziro lathu lero.

Twahara ndi kumwa n'zosiyana

Ku madrasa tinaphunzira kuti madzi a kasupe, a mvula, a mtsinje ndi a nyanja ndi oyera komanso oyeretsa. Malinga ndi madhhab a Imam Shafi, madzi ochuluka kufika makulla awiri, omwe ndi malita pafupifupi 200, sasanduka najisi pokhapokha mtundu, fungo kapena kukoma kwake zitasintha. Lamuloli likunena za wudhu ndi kusamba. Silikunena kuti madzi aliwonse opangira wudhu ndi abwino m'mimba. Kachilombo ka kolera sikaoneka, sikanunkha, sikamveka pakamwa. Kamachokera m'chimbudzi cha munthu wodwala, mvula n'kukatsitsira m'nthaka mpaka mu kasupe.

Sitinaiwale. Kolera inayamba ku Machinga mu March 2022 inafalikira maboma onse a dziko lino, inagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mangochi, Salima, Nkhata Bay ndi Blantyre anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Ambiri a ife tinaswalira majeneza nthawi imeneyo, ena a achinyamata amene m'mawa anali padooko, madzulo kulibe.

Chipembedzo chikutiphunzitsa chiyani?

Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analetsa kudzithandiza pamalo otungira madzi, panjira, ndi pamthunzi pokhala anthu. Analetsanso kukodza m'madzi odikha, ndipo analamula kuvundikira ziwiya. Tikadzifunse: kodi gombe lomwe timayanikapo usipa ndi kutungapo madzi si malo otungira madzi? Msodzi amene amathamangira kubango m'bandakucha akulakwira Allah komanso ana a mnzake.

Tikumbukenso mayi Hajara, amene anathamanga kasanu ndi kawiri pakati pa Safa ndi Marwa asanapatsidwe Zamzam. Anayamba wachitapo khama. Ndipo Uthman bin Affan (Allah asangalale naye) anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchipereka kuti aliyense azitunga ulere. Kupereka madzi abwino ndi sadaka yopitirira ngakhale mwini wake ali m'manda.

Tikapita kukatunga

Choyamba, tiyang'ane kumtunda tisanayang'ane m'madzi. Chimbudzi, khola ndi dzala zikhale kumunsi kwa kasupe, patali mamita osachepera 30.

Chachiwiri, chigubu chitsukidwe ndi sopo, chikhale ndi chotsekera. Cha mankhwala a m'munda kapena cha petulo wa injini ya boti chisatungire madzi akumwa, ngakhale titachitsuka motani. Masamba oika pamwamba pa ndowa kuti madzi asatayike, tiwasiye.

Chachitatu, kunyumba madziwo atetezedwe. Akakhala amatope, tiyambe tawasefa ndi nsalu yoyera. Kenako tiwawiritse mpaka abwate ndithu kwa mphindi imodzi, kapena tithire WaterGuard kapena kolorini wa kwa alangizi a zaumoyo, motsatira muyezo womwe atiuze, n'kudikira mphindi 30 tisanamwe. Fungo la kolorini silipha, imapha ndi kolera.

Chachinayi, mtsuko ukhale wovundikira, ndi chikho chimodzi chotungira chimene sitimwera. Madzi ambiri amachoka pa mjigo ali abwino, n'kudzaipa m'nyumba chifukwa cha manja athu.

Chachisanu, asodzi opita kukagona panyanja anyamule chigubu cha madzi otetezedwa. Kukula kwa nyanja sikuchotsa tizilombo ta m'mphepete.

Wina akayamba kutsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga, amwe Thanzi ORS pomwepo ndipo tithamange naye kuchipatala. Dua tipange tili m'njira.

Kasupe ndi amana

Ife alimi tikudziwa kuti kasupe amadya kuphiri. Mitengo ikatha kumtunda, mvula imangothamanga pamwamba, kasupe n'kuphwa mwezi wa October. Tibzale katope, mkuyu, nsungwi ndi vetiva mozungulira, bulugama akhale kutali. Timange mpanda wa ziweto, tikumbe ngalande kumtunda yopatutsa madzi othamanga, ochapa azichapira kumunsi. Mutu umodzi susenza denga: makomiti a mizikiti akhale pansi ndi mafumu, alangizi ndi anzathu a mipingo ina, poti kasupe safunsa chipembedzo cha womwa.

Tsiku lija ku Naperi tinafika kunyumba, madzi tinawiritsa, mdzukulu anamwa atazizira. Pobwerera kuno tinakayendera chitsime cha pamzikiti pathu, ndipo tinachita manyazi: chivundikiro chinathyoka kalekale, chingwe cha ndowa chikugona m'matope. Tagwirizana kuti Ijuma ikudzayi tikatha swala tikachikonze. Nanunso kayendereni chanu sabata ino.

Allah atimwetse madzi a madalitso, atiteteze ku miliri, ndipo awakhululukire abale athu amene anatsogola. Ameen.