Bambo Matthew Schoffeleers: Wansembe Amene Anakhala Pansi Kumvetsera Amang'anja

Aliyense wofufuza za Mbona, za Nyau kapena za mbiri ya Chigwa cha Shire sachedwa kukumana ndi dzina la Bambo Matthew Schoffeleers. Nawa mafunso amene owerenga amakonda kufunsa za munthu ameneyu, pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi Bambo Schoffeleers anali ndani?

Anali wansembe wa Katolika wa chipani cha Montfort, wobadwira m'chigawo cha Limburg ku Netherlands mu 1928. Atadzozedwa unsembe mu 1955 anatumizidwa ku Nyasaland, ndipo anakatumikira ku Chigwa cha Shire, pakati pa Amang'anja ndi Asena. Anamwalira mu 2011 ali pulofesa wopuma wa maphunziro a chikhalidwe ndi zipembedzo za anthu.

Zinatheka bwanji kuti wansembe asanduke wofufuza za miyambo?

Anabwera kudzaphunzitsa, koma anapeza anthu ali kale ndi nzeru zakuya pa za Mulungu, mizimu, mvula ndi imfa. Sanangoti n'zachikunja n'kuzisiya pomwepo, anafuna kuzimvetsa. Chidwi chimenechi chinawafikitsa ku yunivesite ya Oxford. Mu 1966 anatenga digiri ndi kafukufuku wa Mbona, ndipo mu 1968 anatenga digiri ya udokotala ndi kafukufuku wa kapembedzedwe ka mizimu pakati pa Amang'anja.

Nanga kafukufuku wotere amachitika bwanji?

Sachitikira mu ofesi. Wofufuza amaphunzira chilankhulo cha eni mudzi, amakhala nawo pamaliro, pamilandu ndi pansembe, ndipo amafunsa funso limodzi kwa anthu ambiri. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Bambo Schoffeleers anasonkhanitsa nkhani ya Mbona kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, ndipo pamene ofotokozawo ankasiyana sankasankha mmodzi kuti ndiye woona. Ankafunsa kuti: akusimba ndani, ndipo akusimbiranji chonchi? Mfumu ili ndi kasimbidwe kake, osunga kachisi ali ndi kawo, anthu wamba nawonso ali ndi kawo.

Anapeza zotani pa za Mbona?

Amang'anja amasimba kuti Mbona anali mwini mvula amene adani anamuthamangitsa mpaka kumupha, magazi ake n'kusanduka mtsinje, mutu wake n'kuikidwa m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje, kumene kuli kachisi wake mpaka lero. M'buku lawo la 1992, River of Blood, Bambo Schoffeleers anati nkhaniyi yasunga chikumbukiro cha zimene zinachitikadi cha m'ma 1600, pamene ufumu wa Lundu unkakula ndi nkhondo. Anaiyerekeza ndi zolemba za Apwitikizi zonena za ankhondo a Azimba, amene anagonjetsa Apwitikiziwo m'chigwa cha Zambezi mu 1592. Kwa Bambo Schoffeleers, imfa ya Mbona ndi njira imene anthu oponderezedwa anasungira mlandu wawo ndi mafumu ankhanza.

Kodi akatswiri onse anagwirizana nawo?

Ayi. Katswiri wa mbiri yakale Christopher Wrigley anatsutsa poyera, ponena kuti nkhani ya Mbona ndi nthano yachipembedzo, osati kaundula wa zochitika. Bambo Schoffeleers anayankha, ndipo mtsutsowo unanola mbali zonse ziwiri. Phindu lake n'lakuti zosimba za agogo a ku Nsanje zinakambidwa m'magazini a akatswiri ngati umboni woyenera kuunikidwa mwaulemu.

Kodi kachisi wa mvula ndi wongopempherera mvula basi?

Apa ndi pamene pagona mfundo yawo yaikulu. M'buku la 1979 limene anasonkhanitsa ndi kukonza, Guardians of the Land, anaonetsa kuti akachisi otere amasunga dziko lonse, osati banja limodzi kapena mtundu umodzi. Aliyense wolima nthaka imeneyo, mbadwa kapena mlendo, ali ndi gawo pansembe. Akachisiwa ankakhudza kalimidwe, kasamalidwe ka nkhalango ndi khalidwe la anthu. Kukachita chilala, funso linkakhala lakuti walakwa ndani, ndipo wobwebweta ankatha kudzudzula ngakhale mfumu.

Za Nyau ananenapo chiyani?

Mu 1972 analemba limodzi ndi Ian Linden za mmene Nyau zinalimbanirana ndi mishoni za Katolika m'nthawi ya atsamunda. Anaonetsa kuti mkanganowo sunali wa chikhulupiriro chokha. Unali wolimbirana ana: adzakulira kusukulu ya mishoni kapena kudambwe, ndipo mawu omaliza m'mudzi adzakhala a ndani? Panafunika mtima wolimba kuti wansembe aunike mpingo wake motero.

Kodi zimenezi sizinawachotse pachikhulupiriro chawo?

Anakhalabe wansembe mpaka imfa. Kafukufukuyo anawapatsa mafunso atsopano pa chikhristu chenichenicho. Anaona kuti ena ku Chigwa cha Shire ankatcha Mbona Yesu wakuda, ndipo analemba za mmene Akhristu ambiri mu Africa amamvetsera Yesu ngati sing'anga wamkulu, wochiritsa ndi wotchinjiriza.

Anaphunzitsa kuti, ndipo analembanso chiyani?

Anaphunzitsa ku Yunivesite ya Malawi kuyambira 1971 mpaka 1976, kenako ku Vrije Universiteit ku Amsterdam, n'kumalizira ku Utrecht. Mu 1985 iwo ndi Adrian Roscoe anatulutsa Land of Fire, buku la nthano ndi zosimba za ku Malawi. Mu 1999 anatulutsa In Search of Truth and Justice, lofotokoza kulimbana kwa mpingo ndi boma kuyambira 1960 mpaka 1994, kuphatikizapo kalata ya maepiskopi ya mu Malichi 1992.

Tiwawerengerenji lero?

Chifukwa anasunga mawu a akuluakulu amene anatisiya kale, ndipo anatsimikizira dziko kuti zimene zimakambidwa kukachisi ndi kudambwe ndi maphunziro enieni. Komabe anali mlendo, ndipo mabuku awowa ali m'Chingerezi, chilankhulo chimene ambiri mwa eni nkhanizo sachiwerenga. Ntchito yatsala kwa ife: kuwerenga zimene analemba, kuzitsutsa pamene zaperewera, ndi kupita kukafunsa agogo amene alipo, n'kulemba mayankho awo m'chilankhulo chimene ayankhulira.