Mafunso ndi Mayankho: Kodi kanema wa pafoni angagulitse nsomba?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wogulitsa nsomba zouma za chicoa pamsika wa Kwachena, kuno ku Tete. Akuti: "Mwana wa mchemwali wanga akuti ndilipire munthu wa kamera andijambulire kanema wa pa TikTok, wokhala ndi nyimbo. Kodi ndalamayo idzabwerera?"

Mayi, ndalamayo onjezerani mpamba. Foni ya mwanayo ikukwanira. Munthu wogula nsomba akafika pabenchi panu amaitola, kuitembenuza, kuinunkhiza, kenako n'kufunsa mtengo. Pafoni sangathe kununkhiza, ndiye muchitireni zinazo. Jambulani m'mawa, dzuwa la kuno lisanayambe kuswa mtengo. Nyamulani nsomba imodzi, muionetse mbali zonse, muing'ambe pang'ono kuti mnofu uoneke kuti wauma bwino ndipo mulibe mphutsi. Nenani kuti yachokera ku Cahora Bassa, mtengo wake ndi mameticais angati, ndipo inu mumakhala mbali iti ya msika. Masekondi 20 akwana.

Phokoso la msika musaliope. Woyendetsa njinga yamoto ya txopela akaliza hutala kumbuyo kwanu, zisiyeni, ndi umboni woti malowo alipodi. Chichewa chanu cha ku Angónia lankhulani momwemo, mukaponyamo Chinyungwe kapena Chipwitikizi palibe mlandu. Chimene ndikukanizani ndi zosefera zija zowalitsa chithunzi. Nsomba ikaoneka yonona pafoni, munthu n'kudzaipeza yofota, sadzabweranso, ndipo akauzanso anzake.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wootcha nyama ya mbuzi kutsidya ku Matundo. Akudandaula kuti makanema ake pa Facebook amaonedwa ndi anthu ambiri, koma ogula ndi omwe aja.

Achimwene, kodi oonerawo ali kuti? Wa ku Maputo akhoza kudontha malovu ndi cabrito, nyama ya mbuzi ya ku Tete, koma sakwera basi kudzadya kanyenya wanu. Kuyambira 2020, pomwe Instagram inayambitsa Reels potsanzira TikTok, makampaniwa amakankhira kanema wachidule kwa aliyense amene angamuonere, kaya ali kutali chotani. Wogula wanu ndi dalaivala wa thiraki yopita ku Zóbuè, ndi wogwira ntchito ku migodi ya malasha amene akuweruka madzulo. Ambiri mwa iwo muli nawo kale manambala. Ikani kanemayo pa status ya WhatsApp nyama ikangokwera pamoto, utsi ukuoneka, ndipo mutchule ngati mumalandira M-Pesa kapena e-Mola. Nyama ikatha, jambulani chiwaya chopanda kanthu, munene nthawi ya mawa.

Mayi a ku Kwachena, mukayesa kwa sabata ziwiri mutilemberenso, mutiuze kuti ndi angati afika pabenchi akuti "ndakuonani pafoni".