Kufunsa za Mulungu si kutaya chikhulupiriro: phunziro lochokera ku Kachebere

Pa msonkhano wa mphakati, Mthenga Wabwino ukawerengedwa, nthawi zina wachinyamata amakweza dzanja n'kufunsa funso lolemera: "Ngati Mulungu ndi wachikondi komanso wamphamvu zonse, adaloleranji namondwe wa Freddy kupha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakummwera mu 2023?" Anthu onse amangoti zii. Kenaka wina wamkulu amadula nkhani: "Za Mulungu sitifunsa." Mwanayo amatsitsa dzanja, koma funso lake amapita nalo kunyumba. Akasowa womumvera mu mpingo, amakafunsa pa intaneti kapena kwa anzake a kusukulu, ndipo ena mwa achinyamata otere amasiyiratu kubwera ku Misa.

Kodi Mpingo wa Katolika umaletsadi kufunsa? Yankho lingapezeke poona momwe umaphunzitsira ansembe ake.

Zimene asemino amaphunzira ku Kachebere

M'boma la Mchinji, pamalire a Malawi ndi Zambia, pali seminale yaikulu ya Kachebere, imene ansembe a chipani cha White Fathers adatsekula mu 1939. Mnyamata wofuna kukhala wansembe wa dayosizi amayamba waphunzira filosofi kumeneko, asanapite ku seminale ya St Peter's ku Zomba kukaphunzira zaumulungu. Malamulo a Mpingo amanena kuti wansembe aphunzire filosofi zaka zosachepera ziwiri, ndipo zaumulungu zaka zinayi.

Filosofi ndi maphunziro ofufuza choona pogwiritsa ntchito nzeru za munthu. Msemino amalimbana ndi mafunso monga awa: Kodi munthu angadziwe bwanji kuti Mulungu alipo? Choipa chimachokera kuti? Ngati Mulungu amadziwiratu zonse, kodi munthu ali ndi ufulu wosankha? Amawerenganso mfundo za anthu amene sakhulupirira Mulungu. Mpingo umachita dala zimenezi, podziwa kuti wansembe amene sanalimbanepo ndi mafunso otere adzasowa chonena kwa mayi amene waika mwana wake m'manda.

Mu 1998, Papa John Paul II adalemba kalata yotchedwa Fides et Ratio, momwe adaphunzitsa kuti chikhulupiriro ndi nzeru sizilimbana, koma zimathandizana kufikitsa munthu ku choona. Zonse ziwiri ndi mphatso za Mulungu mmodzi.

Oyera awiri amene sadathawe funsoli

Funso la wachinyamata uja si lachilendo. Augustine Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, amene adamwalira m'chaka cha 430, adavutika nalo zaka zambiri. Pomaliza adaona kuti choipa si cholengedwa cha Mulungu ayi, koma kusowa kwa chabwino pamene chimayenera kukhalapo. Chili ngati chiboo pa nsalu: woluka adaluka nsalu, sadaluke chiboocho.

Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira mu 1274, anali ndi chizolowezi chofunika kutengera. M'buku lake la Summa Theologiae, asanapereke yankho lake, ankayamba walemba mfundo za otsutsa, mosazichepetsa mphamvu. Pofika pa funso lakuti kodi Mulungu alipo, mfundo yoyamba yotsutsa imene adalemba inali yomweyi ya kupezeka kwa zoipa padziko. Poyankha adatsata Augustine, kuti Mulungu sakadalola choipa akadakhala wopanda mphamvu yotulutsamo chabwino. Kwa mkhristu, umboni waukulu wa zimenezi ndi mtanda wa Yesu.

Mayankho awa sapukuta misozi ya amene adataya abale ku Chilobwe kapena ku Mulanje. Pa maliro, chofunika ndi kukhala pansi ndi kulira nawo. Komabe tsiku limafika lomwe wofedwayo amafuna kumvetsa, ndipo tsiku limenelo asapeze chitseko chotseka.

M'Malembo Oyera namonso muli ofunsa. Maria adafunsa mngelo momwe uthenga wake udzachitikire (Luka 1:34). Tomasi adakayika za kuuka kwa Ambuye, ndipo Yesu sadamupirikitse, koma adamuonetsa mabala ake (Yohane 20:24-29). Petro Woyera amalangiza akhristu kuti azikhala okonzeka kufotokoza chiyembekezo chawo mofatsa ndi mwaulemu (1 Petro 3:15-16).

Kulandira funso pa mphakati ndi pabanja

Episkopi Patrick Kalilombe, amene adaphunzitsapo ku Kachebere asanakhale episkopi wa Lilongwe mu 1972, adalimbikira kwambiri kukhazikitsa miphakati, kuti akhristu eni ake azisenza moyo wa Mpingo. Choncho ntchito yomvera mafunso si ya ansembe okha.

Choyamba, wofunsidwa amvetsere mpaka wofunsayo amalize, kenaka abwereze funsolo m'mawu ake kuti aone ngati walimvadi. Chachiwiri, afufuze chimene chabala funsolo. Wina amafunsa za zoipa chifukwa cha buku limene wawerenga, wina chifukwa bambo ake ali gone m'chipatala. Awiriwa sangayankhidwe mofanana. Chachitatu, ngati yankho salidziwa, avomere poyera, ndipo alonjeze kukafunsa kwa bambo mfumu kapena kukaona mu Katekisimu wa Mpingo, n'kubweradi ndi yankho sabata yotsatira. Chachinayi, asatchule wofunsayo kuti ndi wachikunja kapena wogwidwa ndi mizimu yoipa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwana amene akufunsa za Mulungu ndiye kuti nkhani ya Mulunguyo ikumukhudzabe.

Zokambirana pa mphakati sabata ino

1. Ndi funso liti la chikhulupiriro limene ana kapena achinyamata a mumphakati muno adafunsapo koma osayankhidwa?
2. Kodi kufunsa pofuna kumvetsa kumasiyana bwanji ndi kufunsa pofuna kunyoza?
3. Werengani Yohane 20:24-29. Kodi makolo ndi atsogoleri a miphakati angaphunzirepo chiyani pa momwe Yesu adamulandirira Tomasi?