Kutseka bowo la pamimba: n'chifukwa chiyani adokotala amati dikirani?

Amayi, ena mwa inu mudadwazikapo munthu amene chimbudzi chake chimatulukira pabowo la pamimba n'kumagwera m'kathumba. Kuchipatala amati kolositomi. Amaboola chonchi matumbo akapotokana, akavulala pangozi, akagwidwa ndi khansa, kapena mwana akabadwa wopanda njira ya chimbudzi. Kwa ambiri bowoli ndi longoyembekezera. M'kati mukapola, amalumikizanso matumbo n'kulitseka.

Wodwala aliyense amafunsa kuti, "Adzanditseka liti?" Kawirikawiri papite miyezi itatu kuchokera pa opaleshoni yoyamba. Ngati m'mimba munali mafinya ambiri, amadikira miyezi 6 kapena kuposerapo, ndipo wolandira mankhwala a khansa amayamba wamaliza kaye. Si kuti amuiwala ayi. M'masabata oyambirira matumbo amakhala otupa komanso omatirirana, moti kuwasoka nthawi imeneyi kuli ngati kusoka chitenje chofumbwa, ulusi sugwira.

Miyezi yodikirayi ndiye ntchito yathu. Munthu woonda, wochepa magazi, bala lake silipola msanga. Adye phala lothira nsinjiro, mazira, usipa, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Wosuta fodya aleke. Tsiku limene adamulembera m'buku lakuchipatala asaliphonye, ngakhale kuti mukongole ndalama ya basi. Ena amangokhala ndi bowolo zaka chifukwa chosabwererako, ndipo ndi zomvetsa chisoni poti akadathandizidwa.

Opaleshoniyi imachitika makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Ana ambiri amatumizidwa ku Mercy James ku Blantyre, chimene chidatsegulidwa mu 2017. Asanayambe amapima mbali yakumunsi ya matumbo kuti aone ngati yapola, siyotsekeka, komanso ngati minofu yogwira chimbudzi ili ndi mphamvu. Ngati mbali zonse ziwiri za thumbo zili pabowo pomwepo, amangocheka mozungulira, kulumikiza n'kubwezera m'kati. Koma ngati mbali yakumunsi idasokedwa n'kusiyidwa m'mimba, amatsegulanso mimba yonse, ndipo iyi ndi opaleshoni yaikulu. Pamene panali bowo nthawi zina sasoka khungu lonse, amasiya kampata kuti zoipa zizituluka. Musaganize kuti alakwitsa.

Wodwala akayamba kutulutsa mpweya wa m'mimba, anamwino amakondwa, chifukwa matumbo ayamba kuyenda. Ambiri amatuluka m'chipatala pakatha masiku 3 mpaka 10. Kunyumba, chimbudzi chimabwera pafupipafupi ndiponso mwadzidzidzi, mwina mpaka kudziipitsira. Izi zimachepa pakapita masabata kapena miyezi. Musamuseke, musamukalipire mwana. Msambitseni ndi madzi n'kumupaka Vaseline kuti khungu lisasupuke. Kwa masabata 6 asasenze ndowa, nkhuni kapena kusinja, kuopa kuti matumbo angatumphukire pansi pa khungu pachipserapo.

Choopsa kwambiri ndi pamene polumikiza paja pathetheka, ndipo zimachitika makamaka sabata yoyamba. Akatentha thupi, mimba ikatupa n'kumapweteka kwambiri, akamasanza, kapena chimbudzi ndi mpweya zikaima, thamangani naye kuchipatala ngakhale usiku. Bala likafiira kapena kutuluka mafinya, akalionetsenso tsiku lomwelo.

Pali ena amene bowo lawo silitsekedwa, monga amene adachotsedwa njira yonse yakumunsi chifukwa cha khansa. Iwowa amatha kulima, kuyenda ndi kukhala pabanja bwinobwino. Chimene amasowa kwambiri ndi timatumba, sopo ndi anthu owayendera osanyansidwa nawo.