Kwa mphwanga wa ku Mpima

Mphwanga, wandiuza kuti ukadzadzozedwa unsembe ukufuna kudzatumikira anthu aulumali pa zaluso. Ndakondwa, koma chifundo chakocho chikundidetsa nkhawa, pakuti ine n'chimene chinandigwetsa.

Ndili mkulu wa kwaya, tinali ndi mnyamata wosaona wodziwa banjo. Tsiku losonkha ndalama za denga la tchalitchi ndinamuimika kutsogolo kuti aimbe n'kuuza mpingo kuti, taonani m'bale wathu wovutikayu. Ndalama zinagwa ngati matalala. Mwini nyimbo tinangomupatsa mbale ya nsima, ndipo palibe anafunsa kuti anapeka ndani. Sanapondenso pakhomo pathu. Patapita miyezi ndinamupeza pasiteshoni ya sitima, anthu akumulipira kuti abwereze. Ndinadutsa mwakachetechete, manyazi ali tho, ngati kuti akanandiona.

Allan Namoko wa ku Malawi anali wosaona, koma anthu ankavina chifukwa banjo yake inkalankhula, osati pomumvera chisoni. John Chiti, amene moyo wake unabala kanema wa Can You See Us? mu 2022, nyimbo zake n'zimene zinamutsegulira makomo olankhulira anzake achialubino. Woimba umulipire ngati woimba. Akaphonya, umuuze kuti waphonya. Kumuombera m'manja pa zilizonse n'kumunyoza.

Ukadzapeza mpata ukafike ku Mua, ku Dedza, kumene Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa Kungoni mu 1976. Iwo anayamba aphunzira Chichewa, nakhala pansi ndi osema ziboliboli mpaka kulandira mfunda wa Chisale. Pamishoni pomwepo pali sukulu ya ana osamva. Iwenso yamba waphunzira chinenero chamanja udakali ku seminale. Filosofi ukuidziwa kale, mwinanso mopitirira.

Ndipo usaiwale dothi lomwe ukupondali. Mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mtovu udakali m'fumbi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo umawononga ubongo wa ana. Ena mwa iwo m'kalasi amatchedwa mbuli. Apatse ng'oma, dongo kapena utoto, uone wekha.

Parishi yoyamba imene adzakutumize, usanaitane aliyense, ukawerenge masitepe okwerera pamene pamaima kwaya. Kwathu analipo 4, ndipo mayi wina wa panjinga ya olumala, wa mawu okoma kuposa tonse, anaimbira kukhomo zaka zonse zimene ndinali mkulu.