Nkhope zikutuluka zakuda, vuto ndi kamera?

Funso: Ndimajambula ndi Pentax K1000 ya filimu. Munthu akakhala pafupi ndi zenera, nkhope yake imatuluka yakuda. Kodi ndigule Canon AE-1?

Yankho: Musafulumire kugula. Makamera onsewa anatuluka mu 1976. K1000 imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, ndiye zenera limainamiza kuti kuli kowala kwambiri. AE-1 imadalira kwambiri pakati pa chithunzi, koma nayonso imapusitsika.

Ndi K1000 yanuyo, yandikirani mpaka nkhope idzaze chithunzi, sinthani mpaka singano yoyezera kuwala ifike pakati, kenako bwererani mujambule osasinthanso kanthu. Apo ayi, kulitsani bowo la lens, mwachitsanzo kuchoka pa f/11 kufika pa f/5.6.

AE-1 ndi yachangu chifukwa imasankha yokha bowolo, koma batire yake ya 6V ikatha sijambula. K1000 imajambulabe, batire ndi yoyezera kuwala basi. Muzivundikira lens mukamaliza, chifukwa K1000 ilibe pozimitsira.

Padzuwa lamasana, filimu ya ISO 100 pa 1/125 imafuna f/16. Singano ikamasemphana kwambiri ndi zimenezi batire ili yatsopano, pitani ndi kamerayo kwa okonza makamera.