Za Nthenda ya Khansa ya m'Kamwa

Abale, nthenda iyi siicokera kwa mfiti. Iyamba ngati kacironda pa lilime, pa nkhama kapena pa mlomo, kosawawa poyamba. Cifukwa cace ambiri acedwa nako.

Coiitana cacikuru ndico fodya, wosuta ndi nsunko yobvumata m'kamwa, pakuti ululu wace ukhala pa mnofu womwewo tsiku ndi tsiku. Kacasu aonjezapo, ndipo wophatikiza ziwirizi adzikundikira ngozi yoposa. Asodzi a pa mtsinje wa Kafue akumbukirenso dzuwa, lopsereza mlomo wa m'munsi. Abvale cipewa cacikuru.

Akuru a mpingo, cenjezani anthu anu: cironda cikatha masabata 3 osapola, asataye nthawi ndi zitsamba. Apite kucipatala, kukafunika adzatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cotsegulidwa m'caka ca 2007.